Sitima ya malata ya pa Luchenza: ndaiyesa pamadzi, nazi zimene ndapeza

Pa msika wa Luchenza, mu mzere wa okhoma zidebe uja, muli mmisiri wina amene wayamba kupanga chinthu chimene sindinachionepo kwina kuno ku Thyolo. Ntchito yake ya masiku onse ndi ndowa, mbaula ndi makeni othirira mbewu, koma malonda akazizira amasonkhanitsa zidutswa za malata zotsala n'kumapanga tisitima ta panyanja. Ine ndinagulako imodzi, ya Chauncy Maples, sitima yakale ya pa nyanja ya Malawi, ndipo chiigulireni anzanga a kutchalitchi ndi aphunzitsi a pasukulu yapafupi akhala akundifunsa ngati ndalama yanga inapita pabwino. Inapita pabwino, ndipo amene angathe agule. Koma pali zingapo zofunika kumuuza mmisiriyo asanayambe kudula lata, apo ayi mudzalandira sitima yokongola yonena mbiri yolakwika.

Ndinene kaye chimene ndikuyankhulira molimba mtima pa nkhani ya nthunzi. Ndagwira ntchito ya pa boyila mu fakitale ya tiyi kuyambira unyamata wanga mpaka kupuma. Ndinayamba ndi kututa nkhuni za bulugamu, kenako kuponya pamoto, mpaka kudzakhala woyang'anira madzi ndi mageji oonetsa mphamvu ya nthunzi. Anthu akamamwa tiyi saganiza za boyila, koma popanda nthunzi masamba safota m'matirafu ndipo dilaya youmitsira tiyi siitentha. Ndiye pamene mwana wanga ankagwira ntchito ku Monkey Bay n'kunditengera padoko kukaona Chauncy Maples yeniyeniyo itangoima, akundiuza kuti poyamba inkayendera nkhuni, maso anga sanapite pa chiwongolero kapena pa malo a kaputeni. Ndinkafunafuna pamene panali ng'anjo, ndi poima munthu woponya nkhuni.

Kasitima kamene ndagulaka n'kotalika ngati masentimita 60. Yeniyeniyo ndi ya mamita 38. Thupi la kasitimaka ndi lata losalala, lomwe lija amakhomera ndowa, lolumikizidwa ndi mtovu, ndipo kunsi anapaka penti yofiira, pamwamba yoyera. Ili ndi chumuni, milongoti iwiri ya waya wokhuthala, kanangula ka msomali wopinda, ndi chiwongolero chakumbuyo chimene chimatembenukadi. Mizere yake ndi yowongoka. Mukaiyang'ana chakutsogolo, mbali ziwirizo n'zofanana, ndipo amene anayesapo kupinda lata ndi nyundo pa chidutswa cha njanji akudziwa kuti zimenezi si zocheza. Mtengo ananena K60,000. Ndinati, "Amwene, ine ndi wa penshoni, tsitsaniko." Iye anaseka, nati, "Madala, iyi si ndowa yoti m'mawa ndayamba masana yatha. Koma poti ndinu woyamba kufunsa ya Chauncy, tengani pa K50,000." Sindinapitirize kunenerera. Mkuwa wokha umene uli m'katimo ndi wodula, ndipo ntchito yake ndi ya masiku.

Chimene chinandigwira mtima si penti kapena kuwongoka kwake. Sitimayi imaphwasuka. Denga limachoka, nyumba ya pakati imachoka, chumuni chimazuka, kaboyila kamatuluka pakokha, ndipo pa chidutswa chilichonse anadindapo nambala ndi panchi, kuti mwana akaphwasula athe kubwezeretsa. Lingaliro limeneli tinapangira limodzi. Tsiku lopereka oda ndinamufotokozera mmene sitima yeniyeniyo inafikira kuno, ndipo anangoika nyundo pansi n'kumamvetsera.

Inamangidwa ku Glasgow, ku Scotland, ndi kampani ya Alley & McLellan, ndipo inatha mu 1899. Oitanitsa anali amishoni a Anglican a UMCA, amene likulu lawo panyanja linali pa chilumba cha Likoma. Ojambula pulani yake anali Henry Brunel ndi John Wolfe Barry, yemwe uja wa mlatho wa Tower Bridge ku London. Sitima siingayende yokha kuchokera kunyanja ya mchere kudzafika pa nyanja yathu, chifukwa pakati pa Shire pali mathithi. Choncho ataimanga kwawoko ndi mabawuti, anaimasulanso yonse, n'kupanga mitolo 3,481. Chitsulo chilichonse anachilemba nambala. Kenako anazimiza zitsulozo mu zinki wosungunula kuti zisachite dzimbiri, ndipo zinkiyo anakwirira manambala onse aja. Zitafika kummwera kwa nyanja, dera la Mangochi, omanga anapeza mulu wa zitsulo zofanana zopanda chizindikiro. Anachita kuyesa chimodzichimodzi, ichi chikulowa apa, ichi ayi, ndipo ntchito inatenga zaka ziwiri. Inatsikira m'madzi pa 6 Juni 1901.

Nditafika pa zinki paja mmisiriyo anagwira pakamwa, chifukwa iye ndi munthu wa malata ndipo zinki amamudziwa ndi manja. Anati, "Ndiye kuti akanadinda, osati kulemba. Chodinda chimaonekabe ngakhale mupake." N'chifukwa chake manambala a pa sitima yangayi ndi okhomedwa m'lata, ndipo penti sinawabise. Mdzukulu wanga wa Sitandade 5 amaiphwasula n'kuibwezeretsa yekha. Tsiku lina ndinamata manambala onse ndi tepi n'kumuuza kuti ayesenso. Anavutika mpaka kukwiya, ndipo zidutswa zake sizikwana n'komwe makumi awiri. Kuyambira pamenepo nkhani ya zaka ziwiri ija sindinachitenso kumufotokozera.

Njira imene katunduyu anadzera ndi imene ikuchititsa kuti nkhaniyi ikhale yathu ife a kuno kumapiri, ngakhale ambiri mwa ana athu nyanja amangoimva. Masiku amenewo katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa Chinde, pamathiriro a Zambezi, n'kukwezedwa pa mabwato okokedwa ndi sitima za mumtsinje, kukwera Zambezi, kulowa Shire. Ankadutsa pa Chiromo, pamene Ruo wathu yemweyu, wochokera pa phiri la Mulanje, amathira mu Shire. Njanji imene imadutsa pano pa Luchenza kunalibe, inadzafika ku Blantyre mu 1908. Ndiye pofika kumunsi kwa mathithi, dera la Chikwawa, zonse zinkatsitsidwa n'kusenzedwa pamutu, kukwera chitunda, kudutsa Blantyre, kukatsikira ku Matope kumene Shire amayambanso kuyendeka. Mtolo uliwonse unali wa makilogalamu pafupifupi 25, ngati theka la thumba la chimanga, ndipo osenza anali amuna ndi akazi omwe.

Koma boyila siidulika. Apa ndi pamene ine ndimaima nthawi zonse ndikamafotokoza. Mbale za thupi la sitima mutha kuzimasula n'kukazimanganso, koma boyila imayenera kukhala yathunthu, yomangidwa ndi kuyesedwa ku fakitale, chifukwa ikangokhala ndi pofooka pamodzi imaphulika n'kupha onse oyandikira. Ya Chauncy Maples inkalemera matani 11. Anaiika pa ngolo yopangidwira ntchito imeneyo, ndipo amuna a Chingoni 450 anaikoka ndi zingwe mtunda wa makilomita oposa 100, tsiku lililonse n'kusuntha ngati makilomita 5 okha. Amene munakwerapo chitunda cha Chikwawa pa minibasi, injini ikulira ngati ithima, taganizani chitsulo cha matani 11 pamenepo, pa msewu wadothi, wopanda injini, anthu okhaokha. Pokwera chikukubwezani, potsika chikufuna kukupondani. Ine ndinaonapo boyila yatsopano ikutsitsidwa pa lole ndi kireni, ndipo tonse tinaima patali mitima ili m'mwamba. Anthu ajawo analibe kireni. Inali ntchito yakalavulagaga, ndipo zinali zaka zomwezo pamene makolo athu ambiri a Chilomwe ankawoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzagwa m'manja mwa thangata m'minda ya azungu kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mitu ndi mapewa a anthu akuda ndiyo inali msewu wa dziko lino.

Mmisiri uja anaimva nkhaniyi, ndipo mosapemphedwa anapanga kangolo ka mawilo anayi a zitsekerero za mabotolo, koti kaboyila kakatuluka mu sitima muzikaikapo. Sanawonjezere mtengo. Pa chinthu chonsechi, kangolo kameneka ndiko kamene ndimakanyadira kwambiri.

Tsopano za kuyenda kwake pamadzi. M'katimo muli paipi yopyapyala ya mkuwa, yochotsa ku firiji yakufa, yopindidwa mozungulira, nsonga zake ziwiri zotulukira kumbuyo kunsi kwa madzi. Mumathira madzi mu nsonga imodzi mpaka atulukire kwinako, mumatseka ndi zala, mumaika sitima pamadzi, kenako mumayatsa kakandulo kunsi kwa mopindamo. Pakapita kanthawi mumamva phu, phu, phu, ndipo imanyamuka. Chimachitika n'chakuti timadzi ta pamoto paja timawira n'kusanduka nthunzi, nthunziyo imakankha madzi a m'paipi kutulukira kumbuyo, kenako ikafika pozizira imabwerera kukhala madzi n'kukoka ena atsopano, n'kuyambiranso. Tinakaiyesa pa dziwe la nsomba la aneba anga, m'mawa kusanachite mphepo. Inadutsa dziwe lonse, ndipo nditapinda chiwongolero inkazungulira yokha mpaka kandulo kutha. Ana anadzaza m'mphepete, ndi amayi omwe anasiya mitsuko. Mu Thuchila musaiyese, madzi oyenda amaigonjetsa, ndipo mphepo ikangowomba pang'ono kandulo imazima. Sipiriti wa pepo mu kachitini kokhala ndi chingwe amayaka bwino kuposa kandulo ndipo sadetsa, koma ameneyo ayatse ndi wamkulu, chifukwa masana lawi lake silioneka.

Pamenepa ndiyenera kunena mosapsatira, makamaka kwa aphunzitsi: imeneyi si injini ya nthunzi yeniyeni, ndipo musawauze ana kuti Chauncy Maples inkayenda chonchi. Pa sitima yeniyeni moto umatenthetsa madzi mu boyila yotsekeka mpaka nthunzi ikhale ndi mphamvu yaikulu. Nthunziyo imadutsa m'paipi kupita mu silinda, imakankha pisitoni, pisitoni imazungulitsa kilankishafiti, ndipo shafiti yaitali imatulukira kumbuyo kukazungulitsa pulopela. Pulopela ya pa kasitima kangaka ndi yongokongoletsa, siigwira ntchito. Sindikumudzudzula mmisiriyo pa zimenezi. Boyila yotsekeka ya lata la ndowa, yomata ndi mtovu, yopanda valavu yotulutsira nthunzi ikachuluka, ingakhale bomba m'manja mwa mwana, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti akupangirani yotero mukane. Njira ya paipi yotseguka imene anasankhayi ndi yotetezeka, ndipo imaonetsabe chinthu chachikulu, chakuti moto ndi madzi zokha zimatha kuyendetsa chitsulo. Ana a kuno ambiri ali ndi bambo kapena malume amene amagwira ku fakitale, ndiye mukangonena kuti boyila, theka la kalasi likudziwa kale.

Ine ndikaiona ikuyenda ndimaganiza za woponya nkhuni. Ku fakitale pansi sipagwedezeka, koma pofika pakati pa shifiti malaya amakhala atanyoweratu, nkhope ikuwawa ndi moto. Diso limodzi pa galasi loonetsa madzi, lina pa geji. Madzi akatsika kwambiri zitsulo zimapsa, akachuluka amapita limodzi ndi nthunzi kukawononga makina. Nkhuni zikakhala zaziwisi geji imagwa ndipo foromani amabwera akukalipa. Ndiye onjezerani mwera wa mu Juni ndi Julaye, sitima ikupendekera uku ndi uku, chitseko cha ng'anjo chili chotsegula, chipika chili m'manja, m'kachipinda kopanikiza kunsi kwa sitima. Ndipo nkhunizo sizinkabwera zokha. M'mphepete mwa nyanja munali malo amene anthu ankadula n'kuunjika nkhuni kudikira sitima, ndipo ikafika ankazipititsa pa mabwato. Ubwino umodzi wokha umene anzathu a panyanja yathu anali nawo kuposa a kunyanja zikuluzikulu ndi wakuti madzi ake alibe mchere wodya boyila. Ndinamupempha mmisiriyo kuti andiwumbire kamunthu ka waya kogwira chipika, koima pakhomo pa ng'anjo. Anapanga, ndipo ndikulangiza aliyense woitanitsa kuti apemphe kameneka. Zithunzi zakale zimaonetsa ansembe ndi akaputeni pamwamba, koma amene ankayendetsa sitimayo anali kunsi.

Cholakwika choyamba chachikulu chili pa maonekedwe. Mmisiriyu anagwiritsa ntchito zithunzi ziwiri za pa foni, china chakale kwambiri, china cha masiku ano, ndipo anaziphatikiza. Anaika chumuni chachitali cha nthawi ya nkhuni pamwamba pa nyumba zosanja za nthawi ya dizilo. Sitima yotero siinayendepo pa nyanja ya Malawi. Wosadziwa sangaone vuto, koma mbiri yonse ya sitimayi ili m'kusinthasintha kwa maonekedwe akewo.

Zaka zake zoyamba inali ya mishoni. Inkazungulira pakati pa Likoma, Nkhotakota, Malindi, kwa Mponda ndi midzi ya tsidya la kummawa, itanyamula ansembe, aphunzitsi, makalata, mankhwala ndi katundu wa masiteshoni. M'katimo munali popempherera, pophunzirira ndi pothandizira odwala, ndipo anyamata ophunzira uphunzitsi ankaphunzira sitima ikuyenda. Wansembe William Percival Johnson, amene anatha zaka zoposa 40 m'mphepete mwa nyanjayi maso ake ali ovutika, n'kudzamwalira ku Liuli mu 1928, moyo wake wambiri anathera pa sitima za mishoni, iyi ndi inzake yaing'ono yotchedwa Charles Janson. Nkhondo ya 1914 itabuka boma la atsamunda linaitenga. Mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya boma ya Guendolen inakawombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo nyanja inatsala m'manja mwa Angerezi. Chauncy Maples, sitima yomangidwira mapemphero ndi sukulu, inayamba kututa asilikali ndi katundu wa nkhondo kupita kumpoto. Ndi nkhondo yomweyo imene John Chilembwe wa ku Chiradzulu kuno anadandaula poyera kuti ikutha anthu akuda pa mlandu wosawakhudza. Nkhondo itatha inabwerera ku mishoni. Mu 1953 amishoni anaigulitsa, n'kusanduka yophera nsomba. Mu 1967, dziko litalandira kale ufulu, inakonzedwanso kukhala yonyamula anthu ndi katundu, ndipo ndi pamene anachotsa injini ya nthunzi n'kuikamo ya dizilo, n'kumanga pamwamba pake mwatsopano. Inatumikira madoko a panyanja mpaka kudzaimikidwa ku Monkey Bay mu 1992. Cha m'ma 2009 kunayambika ntchito yofuna kuisandutsa chipatala choyendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja, koma sinafike pamapeto, ndipo zimenezi zimandipweteka, chifukwa ikanabwerera ku ntchito imene inayamba nayo. Ambiri amaitchula kuti ndi sitima yakale kuposa zonse zotsala mu Africa.

Ndiye woitanitsa asankhe: ya 1901 kapena ya 1967. Ine ndikanakonda mmisiriyu azipanga thupi limodzi ndi madenga awiri osinthanitsa, poti sitimayo imaphwasuka kale. Ndinamuuza, ndipo anati ayesa pa yotsatira. Mphunzitsi atakhala ndi yotero angathe kufotokoza zaka pafupifupi 90 za utumiki pongochotsa denga ili n'kuika ilo.

Cholakwika chachiwiri chinandikhumudwitsa kwambiri. Sitima iliyonse amaipereka ndi kakhadi kolembedwa pamanja kofotokoza mbiri, kamene amamulembera mphwake. Pa kanga panalembedwa kuti sitimayi inabwera ndi David Livingstone. Si zoona. Livingstone anamwalira mu 1873, zaka 26 sitimayi isanamangidwe. Kuno kwathu chilichonse chakale cha azungu timangochikankhira kwa Livingstone, ndipo ana amakalemba zomwezo pa mayeso. Mwina mnyamatayo anasokoneza ndi Ilala yoyamba, kasitima ka nthunzi ka amishoni a ku Scotland, kamene kanalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875 ndi Edward Young ndi Robert Laws, nakonso katasenzedwa pamutu kulambalala mathithi. Koma ngakhale kameneko kanabwera Livingstone atamwalira kale, kanangotchedwa dzina la dera limene iye anafera. Ilala imene ikuyenda leroyi ndi ina, ya dizilo, yomangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Mwini dzina la sitima yathuyi ndi Chauncy Maples, wansembe wa Anglican amene anatumikira ku Likoma, n'kudzozedwa ubishopu ku London mu 1895. Pobwerera kudzayamba ntchitoyo, bwato la matanga limene anakwera linagubuduzika ndi mphepo panyanja pa 2 Sepitembala chaka chomwecho, ndipo anamira asanafike ku Likoma. Manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima yotchedwa dzina lake iye sanaione.

Ndinabwerera nako kakhadiko. Sanakane kapena kuchita manyazi oipa. Anati, "Madala, ife sukulu tinalekera panjira, tilembereni zoona tizikopera." Ndinamulembera, ndipo makhadi atsopano akutuluka bwino. Komabe amene munagula kale Ilala kapena Mtendere kwa iyeyu, werengani khadi lanu mosamala musanapatse mwana.

Zotsalazo ndi za m'manja, ndipo ndizidutsa msanga. Pomata ndi mtovu amagwiritsa ntchito asidi, ndipo satsuka mokwanira. Chiperoni chitangogwa, m'misoko yonse munatuluka dzimbiri kunsi kwa penti. Mukangoilandira itsukeni ndi madzi a soda, muiumitse padzuwa, mupake mafuta a makina m'kati, ndipo mukachoka nayo kudziwe muzikhuthula madzi a m'paipi. Kuno kwathu chinyezi sichikhululukira chitsulo. M'mphepete mwa denga munali mwakuthwa, mdzukulu wanga wamkazi anadzicheka chala, ndiye muuzeni apinde milomo yonse monga amachitira ndi ndowa. Kumbuyo, pamene mapaipi amatulukira, pankalowa madzi pang'onopang'ono. Inalinso yopepuka kunsi, moti poyamba inkapendekera mbali imodzi, mpaka ndinaika timabawuti tiwiri pansi pake. Kandulo imadetsa m'kati mwa chumuni ndi mwaye, koma ameneyo ine sindidandaula naye, boyila iliyonse imafuna kupala. Za nthawi, anati sabata imodzi, zinatenga pafupifupi mwezi, chifukwa inali nyengo yothirira ndipo makeni ndiwo amamudyetsa. Ngati mukuifuna pa tsiku lodziwika, perekani oda msanga ndipo musalipiretu yonse.

Chimene ndingamuyamikire pa zonsezi n'chakuti nditabwerera nayo, anamata podontha paja, anapinda milomo yakuthwa, anapala dzimbiri n'kupakanso penti, ine ndili chikhalire pa benchi, osandilipiritsa kanthu. Ndagulapo zidole za pulasitiki za m'masitolo a ku Limbe zodula kuposa apa, zimene zikathyoka mulibe kobwerera nazo. Iyi wopanga wake ali pompano, ndipo chilichonse chimene chingawonongeke chimakonzeka ndi nyundo ndi mtovu.

Kwa mwana wosakwana zaka zisanu ndi ziwiri musagule, muli moto ndi lata. Kwa wongofuna chokongoletsa pa kabati, pemphani yopanda paipi, ndi yotsika mtengo ndipo siichita dzimbiri msanga poti siilowa m'madzi. Koma sukulu za pulayimale ndi sekondale, Sande sukulu, ndi makolo amene ana awo ayamba kufunsa mmene makina amayendera, iyi ndi ndalama yogwiritsa bwino, ndipo makomiti a sukulu angathe kusonkherana. Bafa lalikulu lochapira limakwana kuiyendetsa pabwalo la sukulu. Amene angathe kupita ndi ana ku Mangochi akaonjezere poona nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum, ndi mfuti ya pa Guendolen imene ili pafupi ndi nsanja ya wotchi, pamodzi ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julaye 1946.

Popereka oda nenani momveka chaka chimene mukufuna, mupite ndi chithunzi chimodzi chokha, mupemphe manambala odinda, kangolo ka boyila, kamunthu ka pa ng'anjo ndi milomo yopinda, ndipo khadi muliwerenge musanachoke pamsika. Ine ndaperekanso oda ya sitima ya mumtsinje, ya gudumu lopalasa kumbuyo, yonga zimene zinkaima pa Chiromo. Gudumulo akuti likumuvuta kuti lizungulire mowongoka, ndiye tagwirizana kuti Loweruka ndimupititsire shafiti ya sipoko ya njinga tikayesere limodzi.